Shock Yaitali Si Mankhwala a Katundu Wolemera

Njinga zamoto zambiri za kabaza zimene zikuyenda m'misewu yathu zinachoka kufakitale ndi msinkhu wina, koma lero zili ndi msinkhu wina. Mukaima pasiteji ku Limbe, ku Area 25 kapena ku Chibavi n'kuziyang'ana cham'mbali, muona zina zitatukula mbuyo ngati nkhuku yojompha madeya, zina zitagwada ngati bulu wotopa ndi ngolo. Kusiyana kumeneku nthawi zambiri kumachokera pa chipangizo chimene timachiona ngati chosafunika kukambirana, shock ya kumbuyo. Yakale ikatha, mwini njinga amapita kumsika wa masipeyala n'kugula imene yapezeka. Mabawuti akalowa m'mabowo, nkhani yatha. Ena amachita kufuna yaitali mwadala, ati kuti njinga izinyamula bwino katundu komanso isamakhule pansi pa mahampu.

Maganizo anga ndi akuti chizolowezi chimenechi n'cholakwika, ndipo n'choopsa kuposa mmene chimaonekera. Kutalika kwa shock ya kumbuyo si nkhani ya kumbuyo kokha. Ndi gawo la chiwongolero. Amene wasintha shock wasintha mmene njinga imakhotera, mmene imaimira ndi mmene tcheni chimakokera, ngakhale kuti kutsogolo sanakhudzeko bawuti ngakhale imodzi.

Nkhaniyi ikutikhudza ife ophunzira pawiri. Choyamba, ndife makasitomala a kabaza. Ikakwana nthawi ya kalasi kapena ya mayeso minibasi isanadzaze, timathamangira njinga. Chachiwiri, anzathu ambiri amene anamaliza sukulu ntchito n'kusowa anagula njinga n'kupatsa mnyamata kuti aziyendetsa, iwo n'kumalandira ndalama madzulo. Ndiye ena mwa ife ndi eni njinga, amene timavomereza kapena kukana makaniko akanena kuti "bwana, tiikepo yaitali".

Kumbuyo kukakwera, kutsogolo kumasintha

Kuti timvane, tiyambe ndi mawu awiri amene akatswiri a njinga amagwiritsa ntchito. Oyamba ndi rake. Mafoloko a njinga saima chilili. Khosi limene chiwongolero chimazungulirapo linapendekera kumbuyo, ndipo kupendekera kumeneku ndi kumene amati rake. Pa njinga zambiri zoyenda pamsewu wamba, rake imakhala pakati pa madigiri 24 ndi 28. Zija zaphokoso za ku America zamafoloko ataliatali zimapitirira madigiri 30, n'chifukwa chake zimakonda msewu wowongoka koma pokhota zimafuna malo ngati lole.

Mawu achiwiri ndi trail. Jambulani mzere m'maganizo mwanu kuchokera pakhosi la chiwongolero kutsika mpaka pansi. Mzerewo umakagunda pansi patsogolo pang'ono pa pamene tayala lapondapo. Kampata ka pakati pa malo awiriwa ndi kamene amati trail, ndipo pa njinga zambiri kamakhala mamilimita 90 mpaka 110, kapena kucheperako pang'ono pa njinga zing'onozing'ono. Kampata kameneka ndi kamene kamachititsa kuti tayala la kutsogolo lizibwerera lokha pakati likagunda mwala. Yang'anani timatayala ta mpando wa muofesi kapena ta bedi la kuchipatala. Mukakankha, timatembenuka tokha n'kumatsatira kumene mukupita, chifukwa pamene tapondapo pali kumbuyo kwa pamene timazungulira. Tayala la njinga limachitanso chimodzimodzi. Trail ikachuluka, njinga imakakamira kuyenda mowongoka ndipo chiwongolero chimalemera. Ikachepa, chiwongolero chimapepuka, njinga imagwera msanga m'makona, koma mphamvu yodziwongola yokha imachepa.

Tsopano onani chimene chimachitika kumbuyo kukatukulidwa. Fulemu ya njinga ndi chitsulo chimodzi. Mukakweza mbuyo, fulemu yonse imaweramira kutsogolo, khosi la chiwongolero limaima chilili kuposa kale, ndipo rake ndi trail zonse zimachepa.

Masamu ake ndi a Fomu 4. Pa njinga za injini ya 100 mpaka 150 cc zimene kabaza amakonda, mtunda wa pakati pa matayala awiri ndi pafupifupi mamilimita 1,300. Mashock ake awiri amamangidwa chopendekera, komanso patsogolo pang'ono pa ekiselo ya tayala, choncho shock yotalika ndi mamilimita 20 ikhoza kukweza mbuyo ndi mamilimita pafupifupi 25. Gawani 25 ndi 1,300, musandutse yankho kukhala madigiri, mupeza digiri imodzi ndi kanthu kochepa. Pa tayala la mainchesi 17 kapena 18, digiri imodzi ya rake imachotsa mamilimita 6 kapena 7 a trail. Mukaika shock yotalika ndi mamilimita 40, imene m'manja imaoneka ngati yangosiyana ndi zala ziwiri, mwachotsa madigiri oposa 2 ndi mamilimita pafupifupi 13 a trail. Pa trail ya mamilimita 90, limenelo ndi gawo limodzi mwa magawo 7.

Pa njinga za shock imodzi yapakati yolumikizidwa ndi timikono, monga zambiri zoyenda m'tchire, nkhani imakula. Timikono timeneti timachulukitsa kuyenda kwa tayala kawiri kapena katatu poyerekeza ndi kuyenda kwa shock. Mamilimita 10 okha pa shock akhoza kukhala 20 kapena 30 pa tayala.

Njinga yokoma pamsika, yolusa pamsewu waukulu

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti njinga yotukulidwa mbuyo imakoma tsiku loyamba. Pozembazemba pakati pa maminibasi, chiwongolero chimamvera ngati chikudziwa maganizo a woyendetsa. Mnyamata amabwerako akuyamikira makaniko. Mtengo wake umalipiridwa kwina, pa liwiro, pamsewu wa timabampu kapena pamene phula lathera mwadzidzidzi.

M'chaka cha 1971, katswiri wa ku Britain Robin Sharp anafalitsa kafukufuku amene anasonyeza ndi masamu njira zimene njinga yamoto imasokonekera payokha. Imodzi ndi imene amati wobble, pamene chiwongolero chimagwedezeka uku ndi uku mothamanga, maulendo 6 mpaka 10 pa sekondi, liwiro limene manja a munthu sangalitsatire. Ina ndi weave, pamene njinga yonse imayenda ngati njoka, makamaka liwiro likakwera. Zimene zimadzutsa mavutowa n'zambiri: matayala otha kapena a mpweya wolakwika, mabering'i a khosi ogwejemera, fulemu yofooka, katundu womangidwa kumbuyo kwenikweni. Shock yaitali payokha si imene imagwetsa munthu nthawi zonse. Chimene imachita ndi kudya gawo la chitetezo limene opanga njinga anasiya kuti zinthu zinazi zikalakwika njinga ikhalebe yomvera. Ndipo tinene zoona, njinga ya kabaza imene ili ndi matayala abwino, mabering'i olimba ndi mpweya woyezedwa ndi geji ndi yowerengeka.

Pomanga mabuleki vuto limawirikiza. Mukagwira buleki, mafoloko amabonyera, mphuno ya njinga imatsika, ndipo rake ndi trail zimachepanso. Njinga imene inayamba kale yoweramira kutsogolo imafika pochepetsetsa pa nthawi imene woyendetsa akufunitsitsa bata, mwana atadumphira pamsewu kapena galimoto itaima mosachenjeza. Komanso njinga ikakwera m'mwamba, kulemera kwake ndi kwa anthu ake kumakwera nayo, choncho pomanga buleki kulemera kochuluka kumathamangira kutsogolo ndipo tayala la kumbuyo limapepuka. Tayala lopepuka silichedwa kukhulika. Kwa woyendetsa amene anazolowera kudalira buleki ya kuphazi yokha, ndiye kuti buleki imene amaikhulupirira ndi imene yafooka.

Wina anganene kuti ochita mpikisano wa njinga amakweza ndi kutsitsa mbuyo nthawi zonse. N'zoona, ndipo zimenezi zikutsimikiza mfundo yanga. Iwo amasintha mamilimita awiri kapena atatu, kuyesa pabwalo lopanda mbuzi ndi maenje, kulemba zotsatira, kenaka n'kusinthanso. Mu mpikisano wa MotoGP, kampani ya Ducati inatchuka ndi chipangizo chotsitsa mbuyo ya njinga ponyamuka kuti tayala la kutsogolo lisatukuke, makampani ena n'kutengera, mpaka oyendetsa mpikisanowu analamula kuti zipangizo zoterezi zithe kuyambira mu 2027. Ngati makampani olemera chotere amalimbirana msinkhu wa mbuyo ya njinga mpaka kuukhazikitsira malamulo, si chinthu choti ife tizisankha poyang'ana ndi maso pa benchi la wogulitsa.

Tcheni, buleki, nyale ndi sitandi

Kupatula chiwongolero, pali zinthu zina zimene zimavutika mwakachetechete. Choyamba ndi tcheni. Tayala la kumbuyo limakhala pa mkono umene amati swingarm, ndipo mkonowu umakwera ndi kutsika mozungulira bawuti yake. Tcheni chimakungika kwambiri pamene sprocket ya kuinjini, bawuti ya mkono ndi ekiselo ya tayala zili pa mzere umodzi. Shock yaitali imakankhira mkono pansi, kutali ndi mzerewo, choncho njinga ikaima yopanda munthu tcheni chimaoneka cholendewera. Makaniko amachikunga mpaka chioneke bwino. Akakwerapo anthu, mkono umabwerera chakumzere kuja ndipo tcheni chimakungika ngati chingwe cha gitala. Zotsatira zake ndi mano a sprocket otha msanga, bering'i ya shafti ya giyabokosi yolira, ndipo tsiku lina tcheni choduka pa liwiro. Mwini njinga amadandaula kuti matcheni a masiku ano ndi achinyengo, osadziwa kuti wowadya ali pambali pomwepo.

Chachiwiri ndi buleki ya kumbuyo. Njinga zambiri zamtunduwu zili ndi buleki ya dilamu yokokedwa ndi kandodo kachitsulo kochokera ku pedulo. Mkono ukasintha mmene wapendekera, mpata wa pedulo umasinthanso. Buleki imene inatcheredwa njinga ili yopanda katundu ikhoza kumakhula yokha kapena kumachedwa kugwira katundu akakwera. Amene wasintha shock osayesanso buleki ali ndi munthu pampando wasiya ntchito pakati.

Chachitatu ndi nyale. Inamangidwa kutsogolo, koma imaloza kumene fulemu yaloza. Mbuyo ikakwera, kuwala kumagwera pafupi, ndipo usiku woyendetsa amaona dzenje atalifika kale. Chachinayi ndi sitandi. Ya m'mbali imakhala yaifupi, njinga imagona kwambiri ndipo pa dothi lofewa imagwa. Yapakati imalephera kutukula tayala. Chomaliza ndi miyendo ya anthu. Woyendetsa wamfupi amaima ndi zala za kuphazi, ndipo mayi wovala chitenje amene wakhala chammbali ndi mwana kumbuyo amakwera ndi kutsika pamalo okwera kuposa amene opanga njinga anakonza.

Yaifupi nayo ili ndi zake

Pali ena amene amapita mbali inayo. Amaika shock yaifupi chifukwa ndi imene inali yotchipa, kapena kuti mapazi azifika pansi, kapena kuti njinga izioneka yachinyamata. Apa zonse zimatembenuka. Rake ndi trail zimachuluka, njinga imakhala yabata pamsewu wowongoka koma yolemera pokhota, ndipo m'kona imafuna kupita kunja kumene kukubwera magalimoto. Mpata wa pansi umachepa, choncho sitandi ndi paipi ya utsi zimakhula pansi njinga ikapendekera. Chitsulo chikakhula phula pakona chikhoza kutukula tayala, ndipo tayala lotukuka siligwira msewu. Shock ikafika pothera, tayala likhoza kugunda madigadi kapena mawaya a pansi pa mpando. Nyale imaloza m'mwamba n'kumathobwa m'maso madalaivala obwera kutsogolo, pamene msewu weniweniwo uli mu mdima.

Walira mvula walira matope. Palibe msinkhu umene umapereka zabwino zokhazokha. Umene anasankha opanga njinga ndi wapakati, ataganizira zonsezi pamodzi.

Mawu a woyendetsa kabaza

Kungakhale kupanda chilungamo kulemba zonsezi ngati kuti anyamata a kabaza ndi amakaniko awo ndi opusa. Sali opusa. Akuyankha vuto lenileni. Njinga imene inapangidwira anthu awiri ikunyamula matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50, makala, makreti a zakumwa, mbuzi, nthawi zina anthu atatu kapena anayi. Katundu wotere akakwera, mbuyo imaphwa mpaka shock kufika pothera. Pamenepo njinga imakhala ngati ya shock yaifupi, ndipo choipa kwambiri n'chakuti katundu womangidwa kumbuyo kwa ekiselo amatukula tayala la kutsogolo ngati katungwe. Kutsogolo kukapepuka, chiwongolero chimayandama. Woyendetsa amamva zimenezi m'manja mwake tsiku ndi tsiku. Akanena kuti shock yaitali imabwezera njinga pa msinkhu wake ikasenza, akunena chinthu chimene chili ndi choonadi mkati mwake.

Koma yankho limeneli lili ndi mabowo atatu. Loyamba n'lakuti njinga siyenda yosenza nthawi zonse. Ikatula katundu imabwerera yopanda kanthu, ndipo ulendo wobwererawo ndi umene woyendetsa amathamanga kwambiri kuti akapeze kasitomala wina. Ndiye njinga imakhala yotukuka kwambiri pa nthawi imene ili pa liwiro lalikulu.

Bowo lachiwiri n'lakuti tikusokoneza zinthu zitatu zosiyana. Shock ili ndi kutalika, ili ndi kulimba kwa sipuling'i, komanso ili ndi mafuta mkati amene amaletsa sipuling'i kudumphadumpha. Chonyamula katundu ndi sipuling'i, osati kutalika. Shock yaitali ya sipuling'i yofewa imaphwa ndithu katundu akakwera. Ndipo njinga imene ikudumpha ngati chule ikadutsa pahampu, vuto lake ndi mafuta amene anatayika, osati msinkhu. Opanga njinga amadziwa kusiyana kumeneku. Kampani ya Bajaj ya ku India, pofuna kuti Boxer izipirira katundu, inaika masipuling'i awiri pa shock iliyonse, ina mkati mwa inzake.

Bowo lachitatu ndi lalikulu. Shock ikhoza kubisa kulemera kwa katundu m'maso mwa munthu, koma singakubise kwa tayala, masipoko, fulemu ndi mabuleki. Pambali pa tayala pamalembedwa nambala yosonyeza katundu amene lingasenze. Nambala 47 ikutanthauza makilogalamu 175, ndipo 52 ikutanthauza 200. Tiwerenge. Njinga yolemera makilogalamu 120 imaika pafupifupi theka lake pa tayala la kumbuyo, tinene 60. Woyendetsa wa makilogalamu 65 amaikapo ena pafupifupi 40. Matumba awiri pa kaliyala amaika 100 yonse, mwinanso kuposa ngati alendewera kumbuyo. Tafika kale pa 200, tisanagunde dzenje ngakhale limodzi. N'chimodzimodzi ndi luso lija lowotcherera mashock anayi, awiri mbali iliyonse. Njinga imaoneka yamphamvu, koma ikakhala yopanda katundu tayala limadumpha m'malo motsatira msewu, ndipo nkhonya zimene shock ikanameza zimakathera pa fulemu ndi pa msana wa woyendetsa.

Chimene chimagwira ntchito

Pali njira imene sifuna ndalama zambiri, imangofuna tepi yoyezera ndi anthu awiri. Musanagule shock, yezani yakale kuchokera pakati pa bowo la m'mwamba mpaka pakati pa bowo la pansi, itachotsedwa pa njinga. Ngati yakaleyo inali kale yosinthidwa, yezani ya njinga yatsopano ya mtundu womwewo. Gulani ya muyezo umenewo, ndipo sinthani zonse ziwiri nthawi imodzi. Kusiyana kwa mamilimita ochepa njinga ikhoza kukupirira, koma kwa zala ziwiri ayi.

Kenaka yezani kuphwa. Tukulani mbuyo mpaka tayala lilendewere, muyeze kuchokera pa ekiselo kufika pa malo ena a fulemu amene ali pamwamba pake. Tsitsani, woyendetsa akwere ndi katundu amene amanyamula masiku onse, muyezenso. Kusiyana kwa miyezo iwiriyi kuyenera kukhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wonse umene tayala limayenda. Ngati tayala limayenda mamilimita 90, kuphwa kukhale cha m'ma 30. Magawo awiri otsalawo ndi omezera mabampu, ndipo gawo lophwalo ndi limene limalola tayala kutsikira m'dzenje osasiya kugwira pansi.

Mashock ambiri ali ndi kamphete ka masitepe pansi pa sipuling'i, kawirikawiri masitepe asanu. Kamphete kameneka sikalimbitsa sipuling'i, kamangoifinya pasadakhale kuti njinga isaphwe kwambiri. Katembenuzeni mofanana mbali zonse ziwiri. Ngati mwafika pa sitepe yomaliza njinga ikuphwabe kupitirira muyezo, mukufunika sipuling'i yolimbirako ya kutalika komweko. Ngati nayonso yalephera, njinga ikukuuzani kuti katunduyo si wake. Mukamaliza, tcherani tcheni ndi buleki munthu ali pampando, muwongole nyale, ndipo katundu wolemera azimangidwa pafupi ndi msana wa woyendetsa, osati kumchira.

Udindo wa amene tinapita kusukulu

Bungwe la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo ngozizi ndi zimene zikutsogola kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Umenewo ndi msinkhu wathu. Kuno kwathu, amene analowapo m'mawodi a mafupa ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth Central safunika kuuzidwa mbali imene njinga zamoto zikutenga. Tikamakamba za ngozi za kabaza timatchula zisoti, ziphaso, mowa ndi liwiro, ndipo n'zoyenera. Koma za njinga yeniyeniyo, ngati ikadali mmene anaipangira, sitifunsa. Ngozi ikachitika timangomva kuti woyendetsa analephera kuwongolera, ndipo palibe amene amatenga tepi kukayeza shock.

Sindikupempha lamulo latsopano loti apolisi azilipiritsa nalo anyamata pamsewu. Chindapusa chimagwera wosauka, ndipo shock imakhala pomwepo. Ndikupempha zinthu zitatu zosavuta. Ogulitsa masipeyala azilemba pa shock iliyonse kutalika kwake ndi mtundu wa njinga imene ikuyenera, ndipo a Malawi Bureau of Standards angathe kufuna zimenezi kwa oitanitsa katundu. Oyeza magalimoto ku Directorate of Road Traffic and Safety Services, njinga ikabwera, aziyang'ana msinkhu wa mbuyo ndi mashock owotcherera monga mmene amayang'anira matayala ndi nyale. Ndipo maphunziro a umakaniko, kaya ndi a pansi pa TEVETA kaya a pansi pa mtengo wa mango, aziphunzitsa kuyeza kuphwa ngati chinthu choyambirira.

Chachikulu chili kwa ife. Ku MUBAS ndi ku MUST kuli ophunzira za uinjiniya amene amatha masamu ovuta kuposa amene ndalemba pano, ndipo chaka ndi chaka amasaka mitu ya kafukufuku womalizira. Mutu uli panja pa geti. Tengani tepi, muyeze njinga zimene zili pasiteji, muone kuti ndi zingati zili pa msinkhu wa kufakitale, mufunse amakaniko chifukwa chimene amasankhira zimene amasankha, kenaka mubwerere kukawauza zimene mwapeza m'chilankhulo chawo. Mupite ngati ophunzira, osati ngati aphunzitsi. Makaniko amene wakonza njinga zaka khumi amadziwa ndi khutu zinthu zimene inu simunazionepo m'buku. Inu muli ndi chifukwa chake, iye ali ndi manja. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo inu anzanga amene muli ndi njinga pamsewu, funso lenileni si la shock. Mnyamata wanu amasenza matumba atatu chifukwa ndalama imene munamuikira kuti azibweretsa madzulo sikwana ndi matumba awiri, mafuta atakwera mtengo. Shock yaitali ndi njira yake yokwaniritsira chiwerengero chanu. Mukamulamula kuti abwezeretse shock yoyenera koma chiwerengero osachikhudza, mwangomusiya ndi njinga yophwa ndi katundu yemweyo. Khalani naye pansi, muwerengere limodzi ndalama zimene zikupita ku matcheni, masprocket, masipoko ndi matayala otha nthawi isanakwane, muziyerekeze ndi zimene thumba lachitatu limabweretsa. Pa chiwerengerocho muonjezepo mwendo wake, umene ulibe sipeyala kumsika uliwonse.

Kwa ife okwera, tili ndi ufulu umodzi umene sitiugwiritsa ntchito, ufulu woyang'ana njinga tisanakwere. Ngati yatukula mbuyo modabwitsa, ngati shock ikudontha mafuta, ngati pali zowotcherera pamene panayenera kukhala bawuti, pasiteji pali njinga ina. Safunsa anadya phula. Makasitomala akayamba kudumpha njinga zoterezi, uthenga udzafika kwa eni ake msanga kuposa chikalata chilichonse cha boma.